Mapepala Osanunkha Zitumbuwa

Pakamwa pangapa palakwa zambiri, koma zimene zimandichititsabe manyazi mpaka lero ndi zimene ndinanena Lachitatu lina pakhonde la telala kukomboni yathu ya Mtendere. Ndinaweruza mayi wa m'nkhani imene tinkawerenga, ndinamunyoza mpaka kukhosi kwanga kunachita kuti mbee, osadziwa kuti mayiyo wakhala pambali panga penipeni akusokerera batani pa malaya a sukulu. Nkhaniyo anailemba yekha. Anaibweretsa kwa ife ngati mapepala otola chifukwa ankafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha, kuti apite ku ukwati wa mwana wake kapena asapite. Mwanayo sankadziwa kuti mayi wake womubala ndi ameneyu.

Zinali zaka zimene makampani a boma ankagulitsidwa. Amuna athu ankabwerera kuchokera kumafakitale dzuwa lili paliwombo, atanyamula kalata ndi ovolosi m'pulasitiki, ndipo wanga anali mmodzi wa iwo. Akazi tinatuluka tonse kukasaka: wina salaula, zovala za kaunjika zija, wina tomato, wina kukwera basi kukaoda katundu kunja kwa dziko. Ine ndinatsegula kasukulu ka mkaka kuseri kwa nyumba, ana ochepa pamphasa, ndipo kuyambira pamenepo Mtendere yonse inkanditcha ba Ticha ngakhale ndinalibe pepala lililonse la uphunzitsi.

Maofesi akamatsekedwa, mapepala ndi mabuku awo ankathera kumsika kwa amayi okulungira malonda. Mnzanga wina wokazinga zitumbuwa pafupi ndi pokwerera maminibasi ankagula mabuku otere thumba lathunthu. Chikuto ankakupizira mbaula mpaka chipse, ndipo masamba ankathothola kuyambira kumbuyo chifukwa ankati kumbuyo ndiko kosavuta. Tsiku lina ndinagula zitumbuwa zitatu, ndipo papepala lokulungiralo panali mkazi atabisala m'kabati ya zovala, mwamuna wake akukwera masitepe. Pepala linathera pomwepo. Ndinabwerera kumsika mafuta ali kukamwa kukafunsa kuti buku lake lili kuti. Anandipatsa lotsalalo, koma anati ndimuwerengere nayenso, popeza iye Chingelezi chinamudutsa patali.

Umo ndi mmene gulu lathu linayambira. Tinasankha Lachitatu masana chifukwa Lachinayi n'la amayi a mpingo, Lachisanu n'la Asilamu, Loweruka n'la maukwati. Masiku ena tinkafika khumi, koma osajomba tinalipo asanu.

Mwini khonde anali mayi wa Chisilamu amene makolo awo anachokera ku Mangochi, wosoka pamakina opalasa ndi phazi. Tinkangowatchula kuti ba Telala. Salaula inawadyera ntchito, moti anatsala ndi kuchepetsa mabuluku a azungu ndi kusoka mayunifolomu a sukulu. Zilembo za Chiarabu ankaziwerenga bwino, koma zathu zino ankati ndi nyerere zomwazika. Nkhani za chikondi ankazikonda kuposa tonse, ndipo awiri akangogwirana manja m'buku, makina ankaima kuti amve bwino. Pakhonde pawo munthu sunkakhala manja lende. Ukangokhala pansi ankakupatsa singano, ulusi ndi mabatani.

Panali mayi wa zitumbuwa uja. Panalinso mtsikana wogulitsa salaula, wa mpingo wina wopempherera m'kalasi ya sukulu, amene tinkamutcha ba Sisita. Iyeyu ankati mabuku athu ndi a mdima, koma ndi amene ankayamba kufika n'kukhala pafupi ndi wowerenga.

Wachisanu anali ba Sekiritale. Anataipa zaka zambiri pakampani ina ya boma m'tauni, ndipo itatsekedwa anatsala ndi makina a taipi akale komanso nsapato zazitali zimene ankayenda nazo m'fumbi la Mtendere ngati akupitabe ku ofesi. Ankataipira anthu makalata ofunsira ntchito pakathebulo panja pa nyumba yawo. Mwamuna analibe, mwana analibe, monga mmene tinkadziwira ife. Ine ndi iwo tinkakondana chikondi cha nkhuku ziwiri za khola limodzi. Wowerenga ndinali ine: ndinkayamba ndawerenga chiganizo m'Chingelezi, kenako n'kuchinena m'Chinyanja, ndipo ndivomereze kuti ndinkathirako mchere. Mkazi wa m'buku akangoti sakufuna, ine ndinkamuonjezera mawu ena awiri atatu oti mwamunayo amve kuwawa. Pamenepo ba Sekiritale ankakweza singano m'mwamba.

"Ba Ticha, sivamene yakamba buku."

"Yenze kufuna kukamba, inachita chabe nsoni," ndinkayankha choncho, anzathu n'kumaseka.

Popeza mabuku athu analibe chikuto, sitinkafunsa kuti walemba ndani. Dzina lake linali litapsa kale pambaula. Ndipo popeza ambiri analibe masamba omaliza, tinkamaliza tokha. Limeneli linasanduka lamulo lathu: nkhani ikathera panjira, aliyense anene mathero ake, kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu, wowerenga anene kutatsala mwini khonde yekha. Ba Sisita ankatembenuza mtima aliyense n'kumulowetsa m'tchalitchi. Mayi wa zitumbuwa ankapha mwamuna, kaya walakwa kaya sanalakwe. Ba Telala ankakwatitsa onse, ngakhale amene sanaonanepo. Anthu a m'buku tinkawazenga milandu ngati oyandikana nawo nyumba, mopanda chisoni ndi mopanda mantha, chifukwa tinkadziwa kuti ali kutali kumene kumagwa chipale ndipo sadzatimva.

Lachitatu limenelo, m'mwezi wa Ogasiti mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapulasitiki, tinali titamaliza buku lina ndipo mayi wa zitumbuwa analibe latsopano. Ba Sekiritale anatulutsa m'chikwama mapepala otaipa, omangidwa ndi kaulusi pakona, opanda mutu, opanda dzina.

"Napeza ivi mu vimapepala va ku ofesi," anatero akuyang'ana pansi. "Kaya ni vabwino, kaya."

Ndinayamba kuwerenga. Pa tsamba loyamba panali basi itaima pamlatho wa mtsinje waukulu pakati pa mapiri, amayi akugulitsa nsomba zouma ndi mabasiketi m'mawindo. Tonse tinawadziwa malowo, aliyense wochokera chigawo cha kummawa amadutsa pamenepo. Mayi wa zitumbuwa anawomba m'manja kuti tsopano tapeza buku la kwathu, lopanda chipale. Palibe anadabwa, tinangokondwa.

Nkhani yake inali iyi. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wanzeru, ali pasukulu yogonera komweko, anapezeka ndi mimba. Masiku amenewo mimba inali kutha kwa sukulu. Anakachira kumudzi mwakachetechete. Mkulu wake, wokwatiwa kale, anali atangotaya khanda ndipo mkaka unali ukadalipo. Akuluakulu a banja anagwirizana kuti mwanayo, wamkazi, akhale wa mkuluyo, ndipo wamng'onoyo apite kutauni kwa amalume akaphunzire ntchito ya manja. Zaka zoyamba ankapita kumudzi ndi timadiresi ndi nsapato. Mwanayo ankamugwadira patali monga mlendo, n'kumutchula kuti amayi aang'ono, kenako n'kuthamangira pamiyendo ya mkulu uja. Pobwerera mayiyo ankalira m'basi kuyambira kumudzi mpaka pamlatho paja. Kenako anasiya kupita. Ankangotumiza katundu ndi anthu, ndipo zinapita zaka khumi ndi ziwiri. Pa tsamba lomaliza mayiyo anali atagwira kalata yochokera kwa mkulu wake, ya mizere itatu: mwana akukwatiwa Loweruka lomaliza la Ogasiti, ukafuna ubwere. Mapepala anathera pamenepo.

Ba Sisita, pokhala wamng'ono, anayamba. Anati mayiyo asale kudya masiku atatu, kenako akaulule pamaso pa mpingo. Anali asanamalize n'komwe pamene ine ndinalowerera, kulumpha mzere wonse, chinthu chimene sindinachitepo.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi m'banja nthawi imeneyo. Mimba zitatu zinapita padera, ndipo achibale a amuna anga anali atayamba kundipatsa moni akuyang'ana pamimba. M'mawa uliwonse ndinkapukuta mamina ana a eni ake, masana n'kuwabweza kwa amayi awo. Nditamva za mkazi amene anapatsidwa mwana wamoyo n'kumusiya, ndinapsa mtima ngati wandibera ine.

"Ankhale kwamene ali," ndinatero. "Uyu si mayi. Kubala si kukankha chabe, na mbuzi imakankha. Banzake bamukulisila mwana, bamusambika, bamuphunzisa, manje afuna ayende akankhale pa mupando wa kusogolo na duku yanyowani? Akayenda kuja ayenda kuononga ukwati wa mwana na kulasa mutima wa mukulu wake. Kuli bakazi bamene balila usiku na usana kufuna mwana. Uyu bamupasa, anataya. Zaka twelufu osamuona. Olo chitenge cha ukwati asagule, chizamutentha."

Ndinanena zinanso zimene sindikufuna kuzilemba pano. Mayi wa zitumbuwa anangoti m'nkhani iyi mulibe mwamuna woti amuphe, ndiye alibe mawu. Titafika pa ba Sekiritale, anayankha osakweza mutu.

"Ine siniziba. Kapena ba Ticha bakamba vazoona."

Ndinamva kukoma, ndisaname. Kanali koyamba kuti mayi amenewa andivomereze.

Ba Telala anayang'ana dzuwa n'kunena kuti nthawi ya swala yakwana, mathero awo adzanena Lachitatu likubwerali. Anthu akubalalika, ba Telala anandiuza kuti nditsale ndiwathandize kupinda mayunifolomu. Ba Sekiritale anapita osatenga mapepala awo, ndipo ndinamva nsapato zawo zikugogoda pang'onopang'ono mpaka pakona.

Atapemphera, ba Telala anatuluka n'kunditambasulira mapepala aja pamphuno. Iwo ankalankhula Chichewa cha kwawo, chosasakaniza.

"Tanunkhizani."

Ndinanunkhiza. Ankamveka fungo la timibulu toyera tija timaika m'zovala kuti njenjete zisadye.

"Mabuku athu onse amanunkha zitumbuwa, kapena kapenta, kapena makoswe a m'maofesi," anatero. "Awa agona m'sutikesi ya munthu, pamodzi ndi zovala zake zabwino."

Kenako anandionetsa malaya a sukulu amene ba Sekiritale ankasoka. Batani linali limodzi lokha, koma ulusi anauzunguliza pamalo amodzimodzi mpaka unachita chibulu ngati nsawawa.

"Mayi aja amakukonzani kasanu pa tsamba limodzi. Lero anakukonzani kangati? Inu maso anali papepala. Ine sindiwerenga, ndiye ndimayang'ana anthu. Milomo yawo inkatsogola, inu mukutsatira pambuyo."

Ndinakhala pansi pamulu wa mayunifolomu. Mawu anga onse anabwerera limodzilimodzi, mbuzi ija, duku lija. Ndinawerenga masiku pa zala: Loweruka lomaliza la Ogasiti kunali kutatsala masiku khumi. Ndinadzuka kuti ndithamangire kwawo ndikagwade, koma ba Telala anandigwira chitenje.

"Mukupita kuti? Mukakawauza kuti mwadziwa, ndiye kuti mwawavula pagulu. Akanafuna kunena ngati zawo akananena. Abweretsa ngati buku, ndiye tiyankhe ngati buku. Inu munaononga pakhonde pano, mudzakonzanso pakhonde pano."

"Nanga ngati sibazabwela?"

"Ndiye kuti mudzasenza zimenezo," anatero, n'kuyamba kupalasa makina.

Sabata imeneyo inanditalikira. Njira ya kumsika imadutsa pafupi ndi kathebulo kawo, ndipo ine ndinkazungulira kuseri kwa mabawa kuti ndisakumane nawo. Kamodzi ndinawaona patali, msana uli chilili monga mwa masiku onse, akutaipira mnyamata wina kalata, ndipo ndinabwerera osagula chimene ndinkapitira. Ana a kusukulu kwanga ndinawaimbitsa nyimbo imodzi m'mawa wonse mpaka iwo omwe anadandaula. Amuna anga anafunsa ngati ndadwala, ndinati mutu. Mapepala aja ndinapita nawo kunyumba ndipo ndinawawerenganso katatu, popanda mchere wanga. Ndinaona zimene sindinazione pakhonde: kuti mtsikanayo sanafunsidwe n'komwe maganizo ake, kuti tsiku lonyamuka anamanga mabere ndi nsalu chifukwa mkaka unkatuluka m'basi, kuti nsapato zonse zimene ankatumiza ankayerekeza saizi ndi mapazi a ana a eni ake m'sitolo. Zonsezo ndinaziwerenga mokweza ndi pakamwa panga, koma sizinandilowe.

Lachitatu tinasonkhana. Ba Sisita analipo, mayi wa zitumbuwa analipo, ba Telala anali pamakina awo, koma malo a ba Sekiritale anali opanda munthu. Ndinasokerera batani limodzi mopotoka, ndinalimasula, ndinalisokereranso. Ndinkaopa kuti ndathamangitsa munthu pagulu lake lokhalo, komanso kuti ndamutsekera njira ya kwa mwana wake. Dzuwa litapendeka ndithu tinamva nsapato zija pamiyala ya m'njira. Ba Sekiritale anapereka moni, anakhala, anatenga singano.

Ndinapempha kuti ndibweze mathero anga. Ba Sisita anakana pomwepo.

"Sitichita so, ba Ticha. Mukakamba mwakamba."

Mayi wa zitumbuwa anamugunda ndi chigongono. Pambuyo pake ndinamva kuti iyenso anali atazindikira yekha, chifukwa pepala lililonse la ku Mtendere linkadutsa m'manja mwake ndipo awa sanawaonepo. Ba Telala anati lamulo limapangidwa ndi anthu, ndinene.

Ndinayang'ana pamapepala, osati pa munthu.

"Sabata yatha sininaweluze uja mayi, nenze kuweluza mimba yanga. Ine nilibe mwana, imwe monse muziba. Nikamvela ati wina enze naye, mutima umanibaba, nayamba kuluma. Nabelenganso nkhani kunyumba. Enze mwana nayeve. Sanataye mwana pa vinyalala, banamutenga mu manja yake bamupasa mukulu wake wamene enze na mukaka. Zaka twelufu zija sanaibale, enze kuyopa kulila pa menso ya mwana. Ine nikamba ati ayende. Asayende kukatenga mupando wa munthu, ayende akatape manzi, akasuke mbale monga mayi mung'ono, koma akaone mwana wake na menso yake. Mukulu wake sanalembe kalata ija kuti aononge sitampa."

Ndinalira pang'ono, chinthu chimene anthu a ku Mtendere sanazolowere kuona pa ine. Singano ya ba Sekiritale inaima m'batani.

Mayi wa zitumbuwa anati nayenso wapeza mathero: mayiyo apite, ndipo anyamule poto watsopano, chifukwa ku ukwati supita manja ali m'khwapa. Ba Sisita anaonjeza kuti apemphere kaye asanakwere basi, ndipo palibe anatsutsa.

Ba Telala anaimitsa makina.

"Apita," anatero. "Koma sangapite ndi masiketi a ku ofesi, anthu a kumudzi angamuyese wa boma wabwera kudzalemba ziweto."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi diresi ya chitenje yobiriwira ndi duku lake. Anati kasitomala wina anasoketsa n'kuzimiririka, ndipo anapempha ba Sekiritale kuti ayese, aone ngati anadula bwino. Ba Sekiritale analowa kuchipinda, anakhalitsako, ndipo atatuluka diresi inawakhala ngati anabadwa nayo. Ba Telala sanawayezepo ndi tepi ngakhale kamodzi, maso awo ndiwo anali tepi.

"Nanga dilesi yabwela bwanji mu nkhani?" anafunsa ba Sisita.

"Soka batani iwe," anatero mayi wa zitumbuwa.

Potsanzika, ba Sekiritale ananena akuyang'ana kumsewu kuti mawa apitako kumudzi, kuli zochitika pang'ono za pabanja. Tonse tinati ayende bwino, ngati nkhani wamba.

M'mawa wake ndinatseka kasukulu kanga n'kupita kwawo. Sindinafunse, ndinangonyamula chikwama. Mayi wa zitumbuwa anatidikira pokwerera maminibasi ndi poto watsopano, m'kati mwake atadzaza zitumbuwa zotentha. Mpaka kutauni sitinalankhulane, kondakitala yekha ndiye ankalongolola. Pasiteshoni yaikulu ndinawapezera malo a pawindo, ndinakweza katundu, n'kuima pansi osadziwa choti ndichite ndi manja anga. Basi italiza injini anatsegula windo.

"Ba Ticha, pa peji yachitatu munalakwisa. Buku sinakambe ati anathaba. Inakamba ati banamutuma."

"Nizakonza," ndinatero.

Anagwedeza mutu, ndipo basi inanyamuka. Ndinabwerera ku Mtendere mtima utapepukako, koma mantha anali akadalipo, chifukwa kutumiza munthu n'kosavuta ndipo sindinkadziwa kuti akamulandira bwanji.

Lachitatu lotsatira anafika pa nthawi yake. Nsapato zinali zomwe zija, koma pamwamba pa siketi ya ku ofesi anamanga chitenje chatsopano chofiirira, cha maluwa achikasu. Mbali imodzi chinali chosapinda, ulusi uli lendelende. Anakhala pansi, anatsegula chikwama n'kundipatsa tsamba limodzi lotaipa.

"Napezako na iyi. Yenze inagwela pansi pa vimapepala."

Ndinawerenga. Mayi wa m'nkhani uja anafika kumudzi madzulo a Lachinayi. Mkulu wake anamulandira monga amalandirira mlendo, anamupatsa madzi osamba, sanafunse za zaka khumi ndi ziwiri. Mkwatibwi anabwera kudzagwada, wamtali, wa mpata kumano ngati wa mayiyo, n'kunena kuti takulandirani amayi aang'ono, nsapato zanu zonse zinkandikwana. Masiku awiri mayiyo anatunga madzi, anasenda nsawawa, anatsuka mbale. Loweruka, phwando lili pakati, azakhali a kuchimuna anabwera ndi nsalu yaitali yosadula, imene anaikonzera mayi wa mkwatibwi pothokoza kuti analera, n'kuiika pamiyendo ya mkulu uja. Mkuluyo anaimirira, anaitambasula, anapeza pakati, analuma m'mphepete ndi mano n'kuing'amba, mpaka phokoso lake linamveka bwalo lonse. Anayenda kudutsa anthu mpaka kuseri kumene mng'ono wake ananjuta pa beseni la mbale, n'kumuika theka lina paphewa. Anangoti nsaluyi yatalika kwa munthu mmodzi. Anthu anaseka n'kululutira, kuyesa kuti ndi kupatsa chabe. Mkwatibwi yekha sanaseke. Anayang'ana mkulu uja, anayang'ana mng'ono wake, kwa nthawi yaitali. Tsambalo linathera pamenepo.

Ndinalinena m'Chinyanja mmene linalili, osaonjeza ngakhale liwu limodzi, ndipo palibe anakweza singano. Tinkangomva mahutala a maminibasi kumsika. Mwa lamulo lathu woyamba kunena mathero anali ba Sisita. Anatsegula pakamwa, maso ake n'kugwera pa chitenje cha ba Sekiritale, pambali yosapinda ija. Anayang'ana ine, anayang'ana ba Telala, ndipo ndinaona nkhani yonse ikumufika pankhope. Mayi wa zitumbuwa anamupatsa chitumbuwa msangamsanga, mtsikanayo analuma, misozi ikutsika.

Ba Telala anasintha ulusi pamakina, anachotsa woyera wa mayunifolomu n'kuika wofiirira. Kenako anatambasula dzanja.

"Masulani nsaluyo ndiipinde. Mkulu wanu anang'amba ndi mano, ulusi wayamba kale kuthothoka."

Aka kanali koyamba kuti wina anene poyera. Ndinaopa kuti ba Sekiritale adzuka n'kupita. Kenako anaimirira, anamasula chitenjecho n'kuchipereka ndi manja awiri, ndipo anakhalanso pansi m'siketi yawo ya ku ofesi n'kulira mosabisa, pakati pathu, dzuwa likuwala.

Makina anayamba kulira. Nsaluyo inali yaitali ndithu ngakhale inali theka, ndipo mbali ina inkalendewera kufuna kukhudza fumbi. Ndinasendera pafupi n'kuigwira m'manja mpaka ba Telala anamaliza.